Mwana wanga anandiuza kuti dzino likuwawa ali ndi zaka 9

Ndimakhala ku Rosettenville, kummwera kwa tauni ya Johannesburg, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni ake. Kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera ku Joni kuno mu 2009 kutsatira amuna anga, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg masiku anayi pa sabata. Mwana wathu Yamikani anabadwira konkuno mu 2011. Ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu, ndipo mawu otuluka pakamwa pake mpaka lero sakwana 20. Koma amasamba yekha, amadzipangira tiyi, amakagula buledi pa spaza (kashopu kakang'ono) ya pakona, ndipo akadwala amatha kutisonyeza pamene pakuwawa. Kuti tifike pamenepa panadutsa zaka zambiri, zina mwa izo tinazitaya tokha ndi manja athu. Ndikulemba chifukwa ku Mvano ndi m'magulu a WhatsApp a Amalawi ndimakumana ndi amayi amene aima pamene ine ndinaima mu 2014.

Ali ndi chaka ndi theka, Yamikani ankatha kunena "mama", "dada" ndi "bwela". Kenako mawuwo anangozimirira. Ukamuitana sankacheuka, koma pepala la switi likangoti khwaa kuchipinda china ankathamangira komweko. Ankandandalika zitsekerero za mabotolo kuyambira pakhomo mpaka pabedi, wina akasuntha chimodzi kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Akafuna madzi ankagwira dzanja langa n'kuliika pa chigubu, osandiyang'ana kumaso. Nditawauza apongozi pafoni anati, "Mayi a Yamikani, musade nkhawa, mwana wamwamuna amachedwa. Bambo akewo anayamba kuyankhula atasiya kale kuyamwa." Mawuwo ananditonthoza, ndipo tinakhala chaka chathunthu tikudikira.

Ndikanadziwa, ndikanatsegula kabuku ka sikelo kaja, kamene kuno amati Road to Health, chifukwa muli masamba onena zimene mwana ayenera kumachita pa msinkhu uliwonse. Palinso mafunso ena ofufuzira zizindikiro za autism otchedwa M-CHAT, amene amafunsa makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30. Mwana akasiya mawu amene ankanena kale, musadikire ayi. Pitani kukiliniki, kanenenitu momveka, ndipo pemphani kuti amuyeze makutu poyamba.

Ife tinapita mu 2014. Makutu anapezeka kuti ali bwinobwino. Anatipatsa kalata yokaonana ndi dokotala woona za kakulidwe ka ana pa chipatala china chachikulu cha boma, ndipo tsiku limene anatilembera linali patsogolo ndi miyezi 9. M'miyezi imeneyo ndi mmene ndalama zathu zinathera. Mneneri wina wa m'tauni anati mwanayo anamangidwa lilime ndi achibale a kumudzi, tinagula mafuta ndi madzi kangapo konse. Kumudzi nako anatipezera sing'anga amene anaitanitsa malaya a mwana, tinatumiza pa transipota pamodzi ndi ndalama. Mayi wina anandiuza kuti pali agogo amene amadula kansinga ka pansi pa lilime ndi lezala. Ine ndinali nditavomera kale. Bambo a Yamikani ndi amene anakana kwamtuwagalu, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Titawerengera pambuyo pake, zonsezi zinatidyera ndalama zoposa R7 000, lendi ya miyezi inayi pa nthawiyo. Mu 2015 dokotala anatiuza dzina la vutolo. Ndinatuluka m'chipindamo nditagwira kapepala, mutu utaima, osadziwa kuti mawa m'mawa ndichite chiyani chosiyana ndi dzulo.

Cholakwa chimene chimandiwawa kwambiri chinabwera apa. Munthu wina wophunzira, amene ndinkamudalira, anandiuza kuti mwana wotere zinenero ziwiri zimamusokoneza, choncho tizimuyankhula Chingerezi chokha. Tinamvera. Chingerezi changa ndi cha kuntchito, chongokwanira kumva malangizo a adona. Ndinasiya kumuimbira nyimbo za kwathu pomusambitsa, ndinasiya kumunyengerera m'Chichewa, ndinatsala ndi timawu touma tolamula. M'nyumba munangoti zii kwa zaka ziwiri. Patapita nthawi, katswiri wothandiza ana kuyankhula, amene kuchipatala amamutcha speech therapist, anandiuza kuti zimenezo si zoona, ofufuza anapeza kuti kukulira m'zinenero ziwiri sikuwonjezera vuto kwa mwana wa autism. Anati mwana ayenera kumva chinenero chimene mayi ake amasekera nacho. Tsiku limenelo ndinalira m'taxi njira yonse.

Katswiri ameneyu tinayamba kuonana naye mu 2016, kamodzi pamwezi, kwa theka la ola. Ulendo uliwonse unkatanthauza kutaya malipiro a tsiku limodzi, kukwera taxi ziwiri popita, ziwiri pobwera, mwana akukuwa chifukwa cha mahutala a pa siteji ya taxi ya Bree. Pa ulendo wachiwiri anandipatsa mapepala a zithunzi: kapu, mbale, chimbudzi, bedi. Anati ndizimuphunzitsa kuloza kapena kundipatsa chithunzi cha chimene akufuna. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kukawaika pansi pa matiresi. Mumtima ndinkati ndikamupatsa zithunzi ndiye kuti ndavomereza kuti sadzayankhulanso, komanso adzachita ulesi kuyesa mawu. Mapepalawo anakhala pansi pa matiresi zaka zoposa zitatu. Amayi anzanga, mantha amenewa ndikuwadziwa, koma alibe maziko. Zithunzi sizitseka pakamwa pa mwana. Mawu ochepa amene Yamikani ali nawo lero anabwera titayamba zithunzi, chifukwa m'pamene anazindikira kuti kuuza munthu chinthu kumabweretsa yankho.

M'malo mwa mapepala aulere aja, mtima wanga unathamangira chinthu chodula. Ndinaona pa Facebook kanema wa mwana wachizungu akudina iPad, makinawo n'kumamuyankhulira. Nditafufuza ndinapeza kuti pulogalamuyo ndi Proloquo2Go, imagwira pa zipangizo za Apple zokha, mtengo wake unali pafupifupi madola 250 osawerengera iPad yeniyeniyo, ndipo Chichewa mulibe. Sitikanakwanitsa. Koma mu 2017 nditalandira ndalama za chipeleganyu ndinapita m'tauni n'kugula tabuleti ya Android ya R2 300. Ndinaikamo pulogalamu ina ya zithunzi n'kumupatsa m'manja, ndikuyembekezera chozizwitsa. Palibe amene anamuphunzitsa, inenso sindinkadziwa poyambira. Pasanathe masiku awiri anali atapeza YouTube. Ankaonera kachidutswa kamodzimodzi ka katuni maulendo osawerengeka, data ya sabata inkatha tsiku limodzi, ndipo ikatha ankadziluma dzanja mpaka magazi. Patatha miyezi inayi anaimenyetsa pansi, galasi lonse mbwee. Ndinanena kuti zamakinazi n'zabodza. Bodza silinali m'makina, ine ndinagula denga nyumba ilibe maziko.

Za sukulu ndinene mwachidule, ngakhale zinatenga nthawi yaitali. Malo m'sukulu za ana ofunika chithandizo chapadera ndi ochepa, ndipo mwana amalowa kudzera ku ofesi ya maphunziro ya m'dera, atadzaza mafomu a ndondomeko yotchedwa SIAS imene boma linakhazikitsa mu 2014. Tinalembetsa ali ndi zaka 6, malo anapezeka mu 2019 ali ndi zaka 8. Lembetsani msanga, sungani fotokope ya pepala lililonse, ndipo muzipitako kukakumbutsa. Amene mapepala anu sali bwino musabise mwana m'nyumba: mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Koma za ndalama ya boma yothandizira ana olumala kwambiri, Care Dependency Grant, dziwani kuti imaperekedwa kwa nzika, kwa amene ali ndi chilolezo chokhaliratu, ndi kwa othawa kwawo ovomerezeka. Ife sitili m'magulu amenewa, ndipo ndinataya masiku awiri a ntchito pamzere ndisanadziwe. Amene anandilongosolera bwino zambiri mwa izi ndi a bungwe la Autism South Africa, lomwe likulu lake lili mu Johannesburg momwemuno.

Kusukuluko aphunzitsi ake ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa PECS, imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa ku America mu 1985. Poyamba pamafunika akuluakulu awiri. Mmodzi amagwira chinthu chimene mwana amachikonda, wina amakhala kumbuyo kwa mwana. Mwana akatambasula dzanja kuti atenge, wakumbuyoyo amamugwiritsa chithunzi n'kumuthandiza kuchiika m'dzanja la winayo, ndipo nthawi yomweyo mwana amalandira chinthucho, akumva dzina la chinthucho. Simumufunsa kuti ukufuna chiyani, cholinga n'chakuti ayambe yekha. Akazolowera mumatalikira kuti aziyenda kukufunani, kenako mumaika zithunzi ziwiri kuti asankhe. Aphunzitsi ankandilembera m'kabuku kuti kusukulu akupempha bisiketi ndi chithunzi. Ine kunyumba ndinkapitirizabe kulota zimene akufuna.

Chimene chinandikakamiza ndi Covid. Pa 27 March 2020 dziko lino linatsekedwa, sukulu inali itatseka kale, adona anandiuza kuti ndikhale kunyumba pa theka la malipiro. Tinatsekeredwa anthu atatu m'zipinda ziwiri. Pofika sabata yachiwiri Yamikani anali akumenyetsa mutu kukhoma. Ndinatumiza uthenga wa mawu kwa aphunzitsi ndikulira, iwo anayankha modekha kuti mwanayo kusukulu ali ndi pakamwa, kunyumba tamulanda. Ndinatulutsa mapepala aja pansi pa matiresi. Koma zithunzi zake zinali za mbale ya chakudya chimene sitidya, kapu yosafanana ndi yake, bafa lalikulu loyera pamene ife timasambira m'beseni. Sankazizindikira. Malo osindikizira zithunzi anali otseka. Bambo ake anatenga sizasi n'kuyamba kudula mapaketi: chizindikiro cha pa thumba la ufa kuti chiziimira nsima, cha pa pepala la buledi, cha pa bokosi la tiyi, cha pa sopo, cha pa botolo la maheu. Tinamata pa zidutswa za katoni ndi selotepi. Khadi la maheu analimva tsiku lomwelo. Masitolo atatsegula ndinajambula ndi foni zinthu zake zenizeni, kapu yake yabuluu, beseni lathu, chimbudzi chathu cha panja, nkhope ya bambo ake, n'kukasindikiza pa intaneti kafe. Kukuta tsamba limodzi ndi pulasitiki kunali R10. Kumbuyo kwa khadi lililonse tinamata velcro, chomatira chija cha pa nsapato za ana, makadiwo n'kumakhala pa chitseko cha kabati.

Apanso ndinalakwa. Atadziwa mphamvu ya khadi la maheu ankalibweretsa kakhumi pa ola. Ndinatopa, ndinalibisa pamwamba pa firiji. Madzulo bambo ake anandifunsa, "Mayi a Yami, kodi mwana woyankhula akamavuta kupempha, mumamuzula lilime?" Ndinasowa choyankha. Tinabwezera khadilo, n'kupanga lina lokhala ndi mtanda wofiira lotanthauza kuti zatha. Analira masiku angapo, koma anaphunzira kuti wamveka ngakhale yankho lili ayi.

Aphunzitsi anatiuzanso kuti tijambule thupi la munthu papepala lalikulu, ndi khadi la nkhope yolira lotanthauza kuwawa. Akagwa n'kusupuka bondo, ndinkatenga khadilo, kuliika pa bondo la chithunzi n'kunena kuti "bondo, kuwawa". Ine ndikadzicheka ndi mpeni ndinkachitanso chimodzimodzi pa chala. Kwa miyezi inayi zinkaoneka ngati ndikuyankhula ndi khoma. Mu August 2020 anayamba kusagona, kudzimenya patsaya, kukana nsima imene amaikonda. Tinkati ndi khalidwe la autism basi, monga tinkanenera nthawi zonse. Usiku wina, cha m'ma 2 koloko, ndinamva akundigwedeza. M'dzanja anali ndi khadi la nkhope yolira. Anandikokera pa chithunzi cha thupi chija, n'kuika chala pakamwa pake pa chithunzicho, kenako pa tsaya lake. Bambo ake anaunika ndi tochi ya foni. Dzino la kumapeto linali litabooka, nkhama itatupa. Ndinakhala pansi pa simenti miyendo itafooka. Chimwemwe chinalipo, koma chimene chinandigwira kwambiri ndi funso lakuti pa zaka zonse zija, ndi kangati pamene mwanayu ankakuwa ndi ululu ife tikumuthira mafuta a mneneri, kapena kumukalipira kuti akhale chete. Dzinolo anakalichotsa kuchipatala atamugoneka tulo, titadikira masabata asanu ali pa mankhwala opha ululu.

Tabuleti yachiwiri tinagula mu 2021, makadi atachuluka moti sankakwananso pa kabati. Ulendo uno ndinafunsa kaye katswiri uja, amene anandiuza kuti anaphunzira zimenezi ku Centre for Augmentative and Alternative Communication ya pa yunivesite ya Pretoria, malo amene akhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira 1990. Tinagula yogwiritsidwapo kale ntchito pa R1 200, chikuto cholimba cha labala R250, ndi galasi lotetezera. Tinaikamo pulogalamu yotchedwa Cboard, imene tinaitsitsa osalipira. Ili ndi zithunzi zambiri zojambulidwa kale, imalola kuikamo zithunzi zanu, ndipo chimene chinandikopa n'chakuti mutha kujambula mawu anuanu pa batani lililonse. Apa m'pamene Chichewa chinabwerera m'nyumba mwathu kwathunthu.

Poyamba ndinajambula mawu anga. Akadina "madzi" n'kumva mawu a mayi ake, ankanditembenukira modabwa, ngati ndine ndikupempha. Katswiri anati mawuwo akhale a mnyamata wa msinkhu wake, popeza ndi pakamwa pake. Tinapempha mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, mnyamata wa zaka 11 wochokera ku Ntcheu. Lamulungu lina titaweruka anakhala pabedi pathu n'kujambula mawu 60, malipiro ake Fanta ndi tchipisi. Mpaka lero Yamikani amayankhula ndi kamvekedwe ka ku Ntcheu.

Pali zinthu zingapo zimene zinapangitsa kuti tabuleti iyi isathe ngati yoyamba. Mulibe YouTube, mulibe masewera, ndipo katuni amaonera pa foni yakale ya bambo ake pa nthawi yake. Mafoni a Android ali ndi njira yokhomera pulogalamu imodzi kuti mwana asatulukemo, imapezeka ku settings pa dzina lakuti screen pinning kapena app pinning, ndipo pa iPad imatchedwa Guided Access. Mu 2017 sindinkadziwa kuti ilipo. China n'chakuti mabatani sitiwasuntha malo, chifukwa chala chimaloweza njira monga mmene phazi limalowezera njira ya kuchitsime. Koma chachikulu, chimene chimatopetsa, n'chakuti ifenso timayenera kuidina poyankhula naye. Ndikamati "tiye ukasambe" ndimadina "samba". Mwana sangaphunzire chinenero chimene sanaonepo munthu akuchigwiritsa ntchito. Ndipo musadzaze ndi zakudya zokhazokha. Ikanimo "ayi", "siya", "ndithandizeni", "ndatopa", "zina". Tsiku lina mayi wina wa kutchalitchi, amene amakonda kutsina ana masaya, anamuyandikira, Yamikani anadina "siya" katatu. Mayiwo anakhumudwa pang'ono. Ine ndinawapepesa ndi pakamwa, koma batanilo sindinalichotse ndipo sindidzalichotsa.

Mu December 2022 anasowa. Magetsi anali atazima, geti ya pamalo pathu imene imatseguka ndi magetsi anaisiya yotsegula, ine ndikuchapa kuseri. Nditacheuka mwana palibe. Ndinathamanga msewu wonse opanda nsapato, ndikuitana dzina la mwana amene ndikudziwa kuti sayankha. Woyandikana naye wina anati kupolisi sakandimvera mpaka patadutsa maola 24. Limenelo ndi bodza loopsa: m'dziko muno palibe nthawi yodikira pokanena za munthu wosowa, makamaka mwana, ndipo nambala ya polisi ndi 10111. Khalaninso ndi chithunzi chake chatsopano mufoni nthawi zonse. Amalawi anzathu anamwaza chithunzi chake pa WhatsApp, anyamata ena anasiya ntchito n'kuyamba kuzungulira. Anapezeka patatha maola atatu pa malo omwetsera mafuta, ataima n'kumaonerera madzi a pamalo otsukira magalimoto. Wogwira ntchito pamenepo anali atamupatsa mpando, koma analibe njira yodziwira kuti ndi mwana wa ndani. M'thumba mwake munalibe kalikonse.

Zitatero ndinagula loko wamkulu. Kwa miyezi itatu Yamikani sanaponde kunja kwa chitseko kupatula pokwera galimoto ya sukulu. Anayambiranso kudziluma, ndipo ankangodina "panja, panja, panja" mpaka batire kutha. Katswiri wina wa kusukulu, wophunzitsa ana ntchito za tsiku ndi tsiku, anandifunsa kuti akadzafika zaka 25, wamphamvu kuposa bambo ake, loko ameneyu adzakwanira kodi. Anati mwana amene sanaphunzitsidwe kutuluka ndi amene amasochera akapeza mpata. Zinandipweteka, chifukwa ndinkaona ngati sakumvetsa mantha anga. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinavomera kuyesa.

Tinayamba ndi zotetezera. Ndinasokerera kansalu kolembedwa nambala zathu mkati mwa malaya ake onse, ndipo m'thumba amayenda ndi khadi lonena m'Chingerezi ndi m'Chizulu kuti ali ndi autism, sayankhula, muimbire makolo ake. Tinagula wotchi ya GPS, yosonyeza pafoni pamene mwana ali, ya R900. Imafuna SIM khadi, ndipo SIM kuno imalembetsedwa potsatira lamulo lotchedwa RICA, choncho konzani pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala. Imafunanso data mwezi ndi mwezi ndi kutchaja usiku uliwonse. Pamkono anaikana, ankaivula n'kuiponya, mpaka ndinasoka kathumba pa lamba wa buluku. Musaikhulupirire mopitirira: nthawi zina imasonyeza msewu woyandikana nawo, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali netiweki imafooka. Tizipangizo tating'ono tija ta Bluetooth, monga AirTag, sitili ndi GPS yakeyake, timadalira mafoni a anthu odutsa pafupi, choncho ife sitinatisankhe.

Kenako tinasankha ulendo umodzi wokha: kuchoka pageti kukafika pa spaza, nyumba zisanu ndi imodzi, osawoloka msewu. Ndinayamba ndakacheza ndi mwini shopuyo, bambo wa ku Ethiopia, kumufotokozera za mwanayo. Anavomera ndi mtima wonse. Bambo a Yamikani anajambula kanema ndi foni ataigwira pa msinkhu wa maso a mwana: kutsegula geti, kutseka, kuyenda m'mbali mwa mpanda, kupereka khadi la buledi pawindo, kupereka ndalama, kudikira, kubwerera. Ankaonera kanemayo asananyamuke ulendo uliwonse. Ndalama timaika yokwanira ndendende m'kathumba ka zipi. Mwezi woyamba ndinkamugwira dzanja. Kenako ndinkayenda pambali pake, kenako mapazi asanu kumbuyo, kenako ndinkaima pageti. Zinatenga miyezi 8 kuti ndikhale m'nyumba, maso ali pa kadontho ka pafoni, mtima uli m'malere. Tsiku lina anabwera ndi paketi ya tchipisi m'malo mwa buledi. Mwini shopu anandiuza kuti mwanayo anabweza khadi la buledi m'thumba n'kuloza yekha chimene ankafuna. Tinamwa tiyi wopanda buledi tsiku limenelo, ndipo bambo ake anauza aliyense kutchalitchi.

Za m'nyumba zambiri n'zotchipa. Pakhoma pali mzere wa zithunzi za m'mawa: chimbudzi, kusamba, kutsuka mano, kuvala, tiyi, chikwama. Akamaliza chimodzi amachotsa khadi n'kuliponya m'kabokosi. Posamba pali mzere wina wa ziwalo, kuyambira kumaso mpaka kumapazi, chifukwa poyamba ankangosamba mkono umodzi mpaka madzi kuzizira. Ketulo ndi yozima yokha, ndipo tinamata tepi yofiira posonyeza pothera madzi. Alamu ya pa tabuleti imalira nthawi yoti akadikire galimoto ya sukulu. Zotseka m'makutu tinagula ku sitolo ya zipangizo zomangira, zija amavala anthu ogwira ntchito ndi makina aphokoso, pa R150. Kuyambira pamenepo timatha kudutsa pa Bree popanda kukuwa. Mu 2023, magetsi akuzima kangapo patsiku, tabuleti inkafa nthawi yolakwika, ndipo tinaphunzira mowawa kuti makadi a mapepala satayidwa. Tinawasonkhanitsa m'kafayilo kamene kamayenda m'chikwama chake kulikonse, pamodzi ndi power bank.

Sindikufuna wina aganize kuti zonse zinatheka. Yamikani sawoloka msewu waukulu yekha. Sindingamusiye tsiku lonse, ndipo masiku amene sukulu yatseka ndimalipira mayi wina wa ku Mulanje woyandikana nafe kuti azimuyang'anira. Zinthu zikasintha mwadzidzidzi amagwabe pansi n'kukuwa, tabuleti ili pambali osaikhudza n'komwe. Galasi lake tasinthitsa kawiri. Ndipo usiku ndimaganiza za tsiku limene adzamalize sukulu, ndi za tsiku limene tidzabwerere kumudzi, kumene kulibe spaza ya pakona kapena magetsi otchajira.

N'chifukwa chake mu December 2024 tinapita naye kwathu koyamba chikulireni. Masabata atatu tisananyamuke ndinamukonzera mzere wa zithunzi za ulendo: basi pa Park Station, mzere wa pa Beitbridge, kugona m'basi, mlatho wa pa Tete, chipata cha pa Dedza, nkhope ya agogo ake. Anavala zotseka m'makutu pafupifupi njira yonse. Pa malire a Zimbabwe ndi Mozambique anagwa pansi kamodzi, amayi ena a m'basi anatithandiza kumutchingira ndi zitenje mpaka anadekha.

Apongozi anatilandira akuyang'ana chikwama cha mwanayo mokayikira. Madzulo tikudya pamkeka, Yamikani anamaliza ntanda wake, anatulutsa tabuleti n'kudina "agogo", "nsima", "zina". Mawu a mnyamata wa ku Ntcheu uja anamveka bwalo lonse. Apongozi anasiya kutafuna. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana wawo, kenako anatenga chipande n'kumuikira ntanda wina, akuti, "Idyani bambo, idyani, ufa ulipo." Tsiku lachitatu batire inatha ndipo sola ya oyandikana nawo inali itawonongeka, tinatulutsa kafayilo ka makadi. Apongozi anakhala nako pakhonde masana onse akufunsa tanthauzo la khadi lililonse. Anadandaula kuti mulibe mbuzi, mulibe chigayo, mulibe mjigo, pamene mwanayo m'mawa uliwonse amawatsatira kumjigo. Mlamu wanga anapita pa njinga ku Dedza boma kukasindikiza zithunzi zitatuzo, ndipo anapanganso fotokope ya kafayilo konse. Imeneyo inatsala kumudzi, apongozi anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuiika m'sutikesi momwe amasungamo Baibulo ndi makadi a kuchipatala.